Matabwa a Kabati ya Nafisa

Khalid sanali munthu woipa, koma pakamwa pake pankathamanga kusiya mwiniwake m'mbuyo. Anabwera ku Kaporo kuchokera ku Mangochi ali mnyamata, atasenza mtolo wa zitenje, ndipo patatha zaka makumi atatu anali ndi sitolo yakeyake m'mbali mwa msewu wopita ku Songwe. Kuseri kwa sitoloyo kunali bwalo lalikulu la simenti, loyanikapo mpunga womwe ankagula kwa alimi. Anthu ankamukonda. Ankamudziwanso kuti akasangalala amalonjeza chinthu asanaone kumene chichokere.

Ndi mmene zinakhalira pa chinkhoswe cha mwana wake Nafisa. Abale a Fahadi, mnyamata wokwatirayo, anachokera ku Mangochi, ndipo atadya mpunga wa kilombero anayamikira mpaka Khalid anadzimva kutalika. Anaimirira n'kunena, anthu onse akumva, kuti mwana wake sadzalowa m'banja ndi mipando ya pulasitiki ayi. Pa tsiku la ukwati, kumapeto kwa Seputembala, adzaona kabati ya mbawa yokhomedwa ku Kaporo konkuno, yoti zidzukulu zidzalimbirane. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Mkazi wake Rukia anangoyang'ana pansi, poti ankadziwa kuti kabatiyo panthawiyo inali idakali mtengo wogona m'matope.

Mtengowo unalipodi. Madzi osefukira a mwezi wa Malichi anaugwetsa m'munda wa munthu wina m'mbali mwa mtsinje, ndipo Khalid anaugula. Ocheka anaucheka mu Meyi, n'kutulukamo matabwa khumi ndi anayi, ofiira bwino, olemera moti amuna awiri ankabuula ponyamula limodzi. Ngolo inawatula kwa Ambokile.

Ambokile anali kalipentala wa m'deralo, Mnkhonde wamtali, mkulu wa mpingo, ndipo aliyense ankangomuitana kuti fundi. Iye ndi Khalid anali atasewera bawo limodzi zaka zoposa makumi awiri, ndipo zaka zonsezo Khalid ankadandaula chinthu chimodzi: munthuyu amachedwa. Akamaganiza pa bawo, nkhuku inkatha kuikira dzira n'kutetera iye asanagwire nkhomo.

"Mugonile, fundi," anatero Khalid, poti malonje a Chinkhonde okhawo ndiwo anawagwira bwino.

"Ndaga, Che Khalid. Mwabwera ndi katundu wabwino."

Fundi anayendetsa chikhatho pa thabwa lina, n'kulinunkhiza. Kenako anayamba ntchito yake mosayang'ananso mlendo. Pansi pa chisakasa cha udzu, chopanda makoma, anayala njerwa, n'kugoneka mitanda pamwamba pake. Anasanja thabwa loyamba, n'kuikapo timitengo touma topingasa, kenako thabwa lachiwiri, timitengo tina pamwamba peni peni pa toyamba tija, mpaka onse anatha. Kunsonga kwa thabwa lililonse anapakako penti yotsala ya buluu. Pamwamba pa mulu wonsewo anatsindikizapo miyala ikuluikulu.

"Pentiyo ndi ya chiyani?" anafunsa Khalid.

"Madzi amathawira kunsonga. Akathawa msanga, thabwa limang'aluka. Ndikuwatsekera khomo kuti azituluka pole pole."

"Ndiye muyamba liti kukhoma?"

"Akauma."

"Auma liti?"

Ambokile anayeza kuchindikala kwa thabwa ndi chala chachikulu. "Inchi imodzi, chaka chimodzi. Awa apitirirako pang'ono."

Khalid anaseka poyesa nthabwala, koma ataona kuti mnzakeyo sakuseka, nayenso analeka. "Fundi, ukwati uli mu Seputembala. Ndinalonjeza pamaso pa anthu."

"Ndinamva. Kwathu ku tchalitchi timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane."

"Yohane wanuyo analibe mwana wamkazi wokwatiwa."

Apa ndiye fundi anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anapereka nzeru ziwiri: agule matabwa a paini ouma kale ku boma, kapena kabati ya mbawa idzatsatire mwana chaka chamawa. Khalid anakana zonse. Anali atanena mbawa, anali atanena tsiku, ndipo anthu a kwawo saiwala mawu a munthu. Akanadzafika ku Mangochi n'kupeza dzina lake litasanduka nthabwala ya pa khonde la mzikiti.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse Khalid akabwera ku mapemphero a Juma, ankapeza Ambokile atakhala pa benchi ya sitolo, atanyamula kachidutswa komwe anadula ku limodzi la matabwa aja. Ankakaika pa sikelo yoyezera shuga, n'kulemba kulemera kwake ndi pensulo pa kachidutswa komweko. Sabata iliyonse kankapepukako pang'ono.

"Kakasiya kupepuka, ndiye kuti auma," ankatero fundi.

"Nanga kasiya?"

"Kakadatulutsa madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Che Khalid."

Khalid sankafuna maso a nkhono, ankafuna kabati.

Julayi atafika, mpunga unadzaza bwalo la kuseri kwa sitolo. Ntchito imeneyi ndiye Khalid ankaidziwa kuposa wina aliyense. Mpunga wonyowa umayalidwa m'mawa, umatembenuzidwa ndi mapazi dzuwa likakwera, ndipo tsiku lachitatu ukauluma umalira kuti gwa! Tsiku lina ataluma kambewu kotero, maganizo anamufikira, ndipo anadabwa kuti sanawaganize kale. Dzuwa la ku Karonga limaumitsa mpunga masiku atatu. Limaumitsa usipa pa thandala masiku awiri. Kondowole, zovala, njerwa, chilichonse kuno chimauma ndi dzuwa. Nanga thabwa ndi ndani kuti lizikhala pamthunzi ngati bwana, kudikira chaka? Anaona kuti fundi ndi munthu wabwino, koma wangozolowera kuchedwa basi.

Mwayi unabwera wokha. Ambokile anapita ku Misuku ku msonkhano wa mpingo wa sabata yathunthu. Tsiku lotsatira Khalid anafika pakhomo pake ndi ngolo.

Yunike, mkazi wa fundi, anatuluka akupukuta manja pa chitenje. "Abambo kulibe, Che Khalid."

"Ndikudziwa, mayi. Ndangobwera kudzatengako matabwa anga. Ndikufuna ndiwathandize kuuma."

Yunike anayang'ana ngolo, n'kuyang'ana chisakasa. "Matabwa ndi anu, sindingakukanizeni. Koma ine pano ndakhala zaka makumi anayi, sindinaonepo abambo akuyanika thabwa padzuwa."

"N'chifukwa chake amachedwa," anatero Khalid mosangalala.

Anatenga asanu ndi atatu, okwanira kabati, n'kusiya asanu ndi limodzi. Anawayala pa simenti mwandondomeko, monga amayalira mpunga, ndipo tsiku loyambalo anagona mtima uli m'malo. Tsiku lachiwiri anawagwira n'kumva kuti pamwamba pauma gwa, akutentha ngati chiwaya. Anaitana Rukia kuti adzaone nzeru za mwamuna wake.

Tsiku lachitatu m'mbali mwa matabwa munayamba kudzuka, pakati n'kulowa. Khalid sanade nkhawa. Anawatembenuza, poganiza kuti mbali inayo ikawombedwa ndi dzuwa awongoka. Anawongokadi kwa theka la tsiku, kenako anapindikira kwinako. Tsiku lachinayi masana, akuyeza mchere wa kasitomala, anamva kuseri kuti thwaa! Anathamanga n'kupeza thabwa lokongola koposa onse litang'aluka kuchokera kunsonga mpaka pakati, mng'alu woti n'kulowetsamo chala. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, panalibe thabwa lomwe linkagona pansi ndi ngodya zonse zinayi. Lina linapotoka moti ukaliponda mbali ino, mbali inayo inkadzuka kukupatsa moni.

Rukia anaima pakhomo la kuseri atagwira m'chiuno. "Bambo a Nafisa, mwanayu timuperekeza ndi kabati kapena ndi mabwato?"

Ataona nkhope ya mwamuna wake, anasiya nthabwala, nabwera kudzaima pafupi naye. Munthuyo manyazi anali atamugwira. Sanali kulira mtengo wa matabwa ayi. Chinkamupweteka n'chakuti anawononga ndi manja ake chinthu chokhacho chomwe anafuna kupatsa mwana wake, ndipo anachita zimenezi mozembera mnzake.

"Pitani nokha mukawauze fundi," anatero Rukia motsitsa mawu. "Asamvere kwa a ngolo."

Anapitadi, tsiku lomwe Ambokile anabwerera. Ananena zonse ali chiimirire, osakongoletsa. Fundi anamvetsera, n'kutenga macheka ake, ndipo anayenda limodzi mpaka ku sitolo. Atafika pa bwalo, Ambokile anazungulira matabwawo pang'onopang'ono, akugwedeza lililonse ndi phazi. Khalid ankalakalaka atangomukalipira kuti zithe, koma munthuyu ngakhale kukwiya ankachedwa nako.

Kenako fundi anasankha thabwa limodzi n'kuyamba kulicheka pakati. Macheka asanafike kutali anakanirira, thabwa litawapana. Anawakoka ndi mphamvu, n'kupitiriza mpaka chidutswa chinagwa. Anachitola n'kugunditsa podulidwapo pa tsaya la Khalid.

"Mukumva bwanji?"

"Pakuzizira."

"Ndi madzi amenewo. Kunja kwauma, kwakhwinyata, kukufuna kuchepa. M'kati mukadali monyowa, mukukana. Ndiye zikukokana, mpaka thabwa ling'ambike. Mpunga ndi kambewu, Che Khalid, dzuwa limalowa mpaka pamtima. Thabwa liyenera kuuma kunja ndi m'kati mogwirizana, n'chifukwa chake timalipatsa mphepo, osati dzuwa."

"Palibe chomwe mungapulumutse?"

"Timipando ta ana, mwina. Kabati ayi. Ndikakhoma ndi awa, pofika Khirisimasi zitseko sizidzatsekeka, ndipo anthu sadzati Khalid anayanika padzuwa. Adzati Ambokile wakalamba."

Khalid anakhala pansi pa simenti yotenthayo. "Ndalakwa, fundi. Ndikhululukireni."

Ambokile anapukuta macheka ake ndi malaya mosafulumira, monga amachitira pa bawo. "Mubwere kunyumba mawa m'mawa," anatero pomaliza. "Ngoloyo muisiye."

M'mawa mwake Khalid anapeza makwerero ataimikidwa m'chipinda chochezera cha fundi. Ambokile anali pamwamba, mutu uli kudenga, akutsitsa matabwa omwe anagonekedwa pa mitanda pansi pa malata. Khalid ankalandira limodzilimodzi. Anali opepuka modabwitsa, akuda ndi fumbi ndi utsi, koma owongoka ngati anawayeza ndi chingwe. Atawatulutsa panja, fundi anatenga pulena n'kupala kamodzi, kawiri. Pansi pa fumbilo panatuluka mtundu womwe Khalid anali asanauonepo pa thabwa, wofiirira mozama, wokhala ndi mizere yagolide yoyenda ngati madzi, ndipo kafungo kokoma kanadzaza pabwalo. Fundi analigogoda ndi chala, ndipo linalira momveka bwino.

"Mlombwa," anatero. "Chaka chimodzi pansi pa chisakasa, zaka zisanu ndi zitatu kudenga. Awa sadzasunthanso, kaya muwapititse ku Mzuzu kozizira, kaya ku Mangochi kotentha. Munalonjeza mbawa, koma sindikhulupirira kuti alipo adzadandaule."

Khalid anasisita thabwalo, chimwemwe chikumukwera mpaka m'maso. "Alhamdulillah! Fundi, chuma chotere munkachisungira chiyani kudenga?"

Ambokile anayamba kufunafuna pensulo yomwe inali kukhutu kwake. Yemwe anayankha anali Yunike, ali pakhonde akupeta mpunga.

"Auzeni, abambo. Mukapanda kuwauza ndiwauza ndine." Anadikira pang'ono, n'kupitiriza yekha. "Amenewo ndi a bokosi lawo la maliro, Che Khalid. Anasankha okha mtengo, anacheketsa okha. Amati akhomera anthu mabokosi a paini moyo wawo wonse, iwo adzapita ndi mlombwa."

Khalid anachotsa dzanja pa thabwa ngati lamuotcha. "Ayi. Ayi, fundi, bwezerani kudenga. Sindingatenge."

"Mukuopa? Sindinagonemo. Thabwa silidziwa chomwe analisungira."

"Sindikuopa. Koma inu mudzapita ndi chiyani?"

"Inu Asilamu mumapita ndi nsalu yokha, ndipo sindinamve kuti wina anabwezedwa pa njira." Ambokile anakhala pa benchi yake, n'kuloza chisakasa ndi chibwano. "Paja mwasiya asanu ndi limodzi a mbawa. Amenewo akhala anga. Akauma akwana. Tasinthana basi."

Kenako analankhula motsitsa, osayang'ana mnzakeyo. "Nafisa anaphunzirira kuyenda pa bwalo lino, akugwira miyendo ya benchi iyi, inu muli kalikiliki kundibera pa bawo. Bokosi anthu amaliona tsiku limodzi, kenako ndi la chiswe. Kabati azidzaitsegula m'mawa uliwonse. Ndaganiza usiku wonse, ndipo mtima wanga wakondwa nazo. Musandilande."

Khalid, munthu amene mawu sankamuthera, anathokoza m'Chinkhonde. Anangoti, "Ndaga fijo," ndipo Yunike anaseka katchulidwe kake mpaka mpunga unatayikira pansi.

Kunyumba nkhaniyi inavutako pang'ono. Rukia atamva anagwira pakamwa, n'kunena kuti mwana asauzidwe, zinthu zotere sizilowa m'nyumba ya mkwatibwi. Koma ku Kaporo chinsinsi sichigona masiku awiri, ndipo Nafisa anali atamva kale kumjigo. Analowa m'nyumba n'kunena kuti kabatiyo akuifuna, ndipo akuifuna kuposa poyamba. Madzulo ake anaphika mandazi n'kukapereka yekha kwa fundi, atagwada monga mwana wa pakhomo.

Ambokile anagwira ntchitoyo masabata asanu ndi limodzi, ndipo Khalid anaphunzira kukhala pa benchi osafunsa kuti itha liti. Ankangoonerera zopalidwa zikugwa mopotanapotana, fundi akulowetsa thabwa m'thabwa linzake mopanda msomali, akuyesa chitseko, kuchichotsa, kupalako pang'ono, n'kuchiyesanso. Sanapake vanishi wonyezimira wa m'sitolo. Anangopaka mafuta ndi kansalu, katatu, kuti mtundu wa mlombwa uoneke wokha.

Pa tsiku la ukwati kabati inaima pakhonde pa Khalid, ndipo alendo a ku Mangochi anaizungulira. Amalume ake a Fahadi, omwe anabwera atakonzeka kuseka, anatsegula chitseko n'kuchitseka, kutsegulanso n'kutsekanso, akumvetsera mmene chinkagwirira mofewa. Kenako anati, "Che Khalid, munanena zoona." Khalid anavomera ndi mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake sanawonjezerepo mawu.

Patapita masiku atatu, alendo atabalalika ndipo lole itanyamula kabati kupita ku Mzuzu, komwe Nafisa ndi mwamuna wake ankakakhala, Khalid anapita kwa fundi. Anamupeza pansi pa chisakasa akusanjanso matabwa asanu ndi limodzi aja, apansi kuwaika pamwamba, apamwamba pansi. Khalid anavula nsapato n'kugwira mbali inayo. Aka kanali koyamba kuona kuti mnzakeyo akanyamula thabwa amayamba wapuma kaye, ndi kuti manja ake ayamba kunjenjemera pang'ono poika timitengo tija.

"Awa atsala nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Mwayambanso?"

"Ndikungofunsa."

Fundi anagunditsa tsaya pa thabwa. "Miyezi isanu ndi itatu pano. Kenako kudenga, chaka china kuti akhazikike."

Khalid anayang'ana denga la chisakasa, n'kuona pomwe udzu unaperepeseka, kadzuwa kakulowa n'kugwera pa thabwa lapamwamba. Anakoka mulu wa udzu womwe unali pambali, n'kukwera pa benchi, n'kutseka pobowokapo bwinobwino.

"Mbawa ya ku Kaporo ndi yamadzi kwambiri, fundi," anatero akutsika. "Ine ndaiona m'kati mwake, ndikuidziwa. Chaka sichingakwane. Muipatse zaka khumi. Ngakhale makumi awiri. Musaifulumize."

Ambokile anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope ya mnzakeyo anapeza kuti sakuseka. Mphepo inkadutsa pakati pa matabwa.

"Ndamva, Che Khalid," anatero fundi. "Ndipatseni mwala uwo, titsindikize."